Sefa ya Nsomba za Atate

Nsomba yachisanu inafa Lachiwiri m'mawa. Delia anaipeza ikuyandama chagada, kamimba koyera kali m'mwamba, ndipo anaivuula msanga ndi kapu atate ake asanadzuke. Anakaiponya kuseri kwa khola la nkhuku. Potembenuka anapeza amayi ake, a Anastasia, ataima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Ndaona kale. Usavutike n'kubisa."

"Ndi kutenthaku, amayi."

"Kutentha? Nsomba faivi m'masabata awiri! M'nyumba muli wodwala, ndiye zinthu zizingofera kumutu kwa bedi lake? Likamafika Lamulungu chigalasi chimenechi ndisachionenso muno. Mwini wakenso asadzaponde pabwalo panga."

Mwini wakeyo anali Ruben, chibwenzi cha Delia. Makolo a Ruben anatsika kuchokera ku Katete zaka khumi zapitazo, n'kutsegula kagolosale ndi kulima munda waukulu ku Kakumbi kuno. Awiriwa anakondana chaka ndi theka popanda wodandaula kwenikweni, mpaka mu Epulo muja. Atate ake a Ruben, a Onesmus, anatchinga munda wawo ndi waya wamagetsi a sola. Njovu zitapeza njira yakale yatsekedwa, zinakhotera m'munda mwa a Josiah, atate ake a Delia, n'kumaliza chimanga chonse chimene chinatsala pang'ono kukololedwa. Kutacha a Josiah anakaima pakati pa mapesi opondedwa, anayang'ana uku ndi uku, kenako anagwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. A Anastasia anati ndi waya wa a Onesmus, ndipo sanasinthe mawu.

A Josiah anali msodzi kuyambira ali mwana. Tsopano mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa pankangotuluka "eya" ndi "ayi", ndipo miyezi isanu ankangoyang'ana khoma. Mu Seputembala Ruben anabwera ndi thanki yagalasi imene kampu ina ya alendo ku Nkwali inataya itang'aluka. Anaimata, anathiramo madzi, n'kuikamo tinsomba khumi ndi tiwiri ta mizere yakuda m'nthiti. Tsiku limenelo a Josiah anatembenuza khosi okha. Anatitsatira ndi maso mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anadya phala osakakamizidwa. N'chifukwa chake a Anastasia analola thankiyo kukhala, ngakhale mtima unkawawa. Koma tsopano nsomba zinayamba kufa.

Delia analowa kuchipinda n'kulembera Ruben pa foni: "Yafa inanso. Zatsala seveni. Amayi akuti Lamulungu thanki ituluke."

Yankho silinachedwe. "Kapampu kopopera mpweya m'thanki kafika dzulo pa basi ya ku Chipata. Tionane mawa pa mvunguti wa kumjigo, sikisitini awazi. Usalire."

Anali akulira kale.

*

Ruben anafika pa njinga, malaya atanyowa ndi thukuta. Okutobala wa chaka chimenecho ankawotcha ngakhale pamthunzi. Sanagwirane manja, poti azimayi a pamjigo ankawayang'ana.

"Waswera bwanji?"

"Ndaswera ngati munthu woika maliro tsiku lililonse," anatero Delia.

Ruben anatulutsa botolo m'chikwama. "Awa ndi madzi a mjigo womwewu. Ndinatunga dzana n'kuwasiya. Taona pansipa."

Pansi pa botolo panali tinyalala tofiirira ngati dzimbiri.

"Ifenso timamwa omwewa," anatero Delia.

"Ife timangomwa. Nsomba imapumira momwemo. Kuwonjezera apo, zitosi zake ndi madeya otsala zimawolera m'thankimo. Mumtsinje madzi amayenda, zoipa zimapita. M'galasi zilibe kopita. Wolakwa ndine, Delia. Ndinathamangira kusangalatsa atate osafunsa bwino. Tsopano bambo wogulitsa mapampu ku Chipata wandifotokozera zonse. Pakufunika sefa ziwiri, ina yoyeretsa madzi asanalowe m'thanki, ina yokhala m'kati."

"Ulowa bwanji? Amayi akuletsa."

"Mawa ndi Lachinayi. Sapita kumsonkhano wa azimayi kutchalitchi?"

"Fotini awazi mpaka seventini."

"Ikwanira."

Delia anatola kamtengo n'kumajambula pansi. "Nanga kwanu akuti chiyani?"

Ruben anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Amayi akuti ndikudzichotsa ulemu. Akuti banja lotitcha akupha ndingakadyeko bwanji. Atate sayankha n'komwe, ndikangotchula dzina lako amakweza wailesi."

"Ndiye tikuvutikiranji?"

"Ukufuna tileke?"

"Ndangofunsa."

"Usamafunse zimenezo. Ndikachoka pano zimandikhala m'mutu sabata yathunthu."

Pamjigo wina anaseka mokweza, ndipo Delia anadziwa kuti akuseka iwo.

"Sefa yakoyo ikakanika, zonse n'kufa, ukagwira zina?" anafunsa.

Ruben anayang'ana pansi. "Kumene ndinagwira zija sindingabwererekonso."

"Si pathawale la kuseri kwa sukulu?"

"Limenelo linauma mu Ogasiti. Tsidya lino kwangotsala matope a mvuu. Unandiuza wekha kuti atate amakonda ta mizere tija. Ndinafunafuna sabata yonse osatipeza." Anatsitsa mawu. "Ndinawoloka, Delia. Madzi a Luangwa analekeza m'mawondo. Ndinalowa m'paki yosungira nyama ndi kaneti ka udzudzu, mphindi twente zokha."

Delia anagwira pakamwa. Aliyense ku Kakumbi amadziwa kuti wopezeka ndi ukonde tsidya lija amamangidwa, ndipo ena sabwerako msanga.

"Wapenga iwe? Ng'ona? Masikauti olondera paki?"

"Palibe anandiona. Ndakuuza chifukwa sindifuna kukubisira kanthu. Zithere pompano. Ngakhale amayi asamve."

"Ndingauze ndani?" anatero Delia. Mantha anamugwira, komabe pobwerera kunyumba, chidebe chili pamutu, anazindikira kuti akumwetulira yekha. Munthu anawoloka Luangwa chifukwa cha atate ake.

*

Lachinayi a Anastasia atangokhota panjira ya kutchalitchi, Ruben analowa ndi katundu wake. Anagwada pafupi ndi mpando wa a Josiah.

"Muli bwanji, atate? Ndabwera kudzakonza madzi a nsomba zanu. Mundilola?"

A Josiah anamuyang'ana nthawi yaitali. "Eya."

Anayambira panja. Ruben anali ataboola ndowa yapulasitiki chakumunsi n'kuikapo kampopi. Pansi anayala miyala ikuluikulu, pamwamba pake timiyala ting'onoting'ono, kenako makala osinja. Delia ndiye anatsuka makalawo, kasanu konse, mpaka manja anada bii. Pamwamba penipeni anathira mchenga wa mumtsinje umene Ruben anauwiritsa kwawo, n'kuphimba ndi kansalu kuti madzi pothira asakumbe dzenje.

Chigubu choyamba madzi anatuluka akuda. Chachiwiri otuwa.

"Amenewa ndiye apha zonse lero lomwe," anatero Delia.

"Dekha. Thiranso."

Pa chigubu chachinayi kampopi kanayamba kudontha madzi oyera mbee. Delia anatunga m'kapu yagalasi n'kuiyang'anitsa padzuwa. Munalibe kanthu.

"Koma akumwa muziwiritsabe," anatero Ruben. "Iyi ndi ya nsomba."

Sefa ya m'kati inali siponji yakuda yaikulu ngati chibakera, yolumikizidwa ku kapaipi. Ruben anaimiza pakona ya thanki, kapaipi anakalowetsa ku kapampu, kapampu ku batire, ndipo waya anaudutsa pazenera mpaka pa kasola kamene anakamangirira padenga. Atasindikiza batani, thovu linayamba kukwera kuchokera m'siponjimo. Nsomba zinabalalika, kenako zinabwerera imodzi imodzi.

"Tsopano mvetsera. Usamataye madzi onse nthawi imodzi ngati muja unkachitira. Loweruka lililonse uzichotsa pang'ono, kufika pamzere ndalemba apa, n'kubwezeramo a m'ndowa atayamba akhala pamthunzi. Siponji usaitsuke ndi sopo. Uzingoifinya m'madzi omwe wachotsa m'thankiwo. M'kati mwake mumamera tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timadya zoipa zija. Timatenga masabata kuti tichuluke, ndiye usatiphe."

"Ukuyankhula ngati sudzabweranso."

"Ndikuyankhula ngati munthu woletsedwa."

A Josiah anagogoda mpando ndi dzanja lamanzere. Ankaloza thanki, milomo ikunjenjemera.

"Mukufuna madzi akumwa, atate?" anafunsa Delia.

"Ayi." Anakoka mpweya, mitsempha ya m'khosi inatuluka. "Mthu... mthunzi."

Delia anangoti kakasi. Chigwereni m'munda muja sanawamvepo akutchula liwu limeneli, kapena lina lililonse latsopano.

Ruben ndiye anamva tanthauzo. "Akuti nsomba zilibe pobisala. Zoona, atate! Mumtsinje zimakhala pansi pa mizu."

Delia anathamanga kukatola phale la mphika wosweka, analitsuka, n'kulivundikira pansi pa thanki. Tinsomba titatu tinalowamo nthawi yomweyo. A Josiah anaseka ndi theka la nkhope, koma misozi inatsika mbali zonse ziwiri.

Ruben anagwira dzanja la Delia, lakuda ndi makala chomwecho, ndipo sanalisiye mpaka anamva galimoto ikuima pabwalo.

*

Inali galimoto yoonetsera alendo nyama, ndipo woyendetsa anali Clinton, amene ankaperekeza alendo m'paki kuchokera pakampu ina ku Nkwali. Ndi iyeyu amene ananyamula a Josiah kupita nawo kuchipatala tsiku limene anagwa, ndipo kuyambira pamenepo a Anastasia ankamutcha "mwana wanga". Ankamufuna Delia, ndipo sankabisa. Tsikuli msonkhano unatha msanga, iye anakumana ndi a Anastasia panjira n'kuwakweza.

A Anastasia analowa ali mu yunifolomu ya kutchalitchi. Anaona Ruben, anaona waya wodutsa pazenera, anaona manja a mwana wawo.

"Delia, mawu anga asanduka mphepo m'nyumba muno?"

Ruben anagwada. "Pepani amayi, wolakwa ndine. Ndimangofuna nsomba zisafenso."

"Nsomba zisafe! Kwanu mumamvera chisoni nsomba? Pamene atate ako ankamanga waya uja, anabwera kudzatifunsa kuti njovu zidzera kuti? Taona bambo awa. Taona! Ndimawasambitsa ngati khanda. Ukuganiza thovu limeneli lidzawaimiritsa?"

"Ayi, amayi."

"Zula zinthu zako uzipita."

Clinton anali atatsamira chitseko, akuzunguza makiyi pachala. "A dokotala a nsomba," anatero. "Ena timathamangira ndi anthu kuchipatala, anzathu akuchiza matemba."

A Anastasia anatambasula dzanja kuti azule kapaipi okha, koma dzanja lamanzere la amuna awo linawagwira pamkono.

"Ayi," anatero a Josiah. "Si... siya."

A Anastasia anayang'ana amuna awo, kenako anakhala pansi pamkeka. Pamene anayankhula, mawu anali otsika.

"Chigalasi chikhale. Koma iwe, mwana wa a Onesmus, tuluka. Ukadzabweranso ndidzaitana amalume ake a Delia."

Ruben anatola chikwama chake. Pakhomo Clinton sanasunthe, ndipo anachita kudutsa chammbali.

*

Masabata awiri anapita, nsomba sinafe ngakhale imodzi. Madzi anayera mpaka munthu ankatha kuwerenga mizere m'nthiti mwake. A Josiah anawonjezera mawu ena awiri, "madzi" ndi "Delia". Koma Delia ndi Ruben sanaonane. Kumjigo amayi ankamuperekeza, kutchalitchi ankakhala naye benchi imodzi.

Chinatsala ndi foni. M'mawa uliwonse Delia ankawerenga nsomba n'kulemba liwu limodzi: "Seveni." Ruben ankayankha: "Ndakusowa." Tsiku lina anawonjezera: "Ndamva galimoto ija sichoka pabwalo panu."

"Imabwerera amayi, osati ine," analemba Delia.

"Amayi ali ndi amuna awo."

"Usayambe, Ruben. Ndatopa kale."

Loweruka masana Delia ankathira madzi m'ndowa ya sefa pamene Clinton anafika. A Anastasia anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mawu kwa aneba, n'kuwasiya awiri.

"Amalume anga akufuna kudzaonana ndi amalume ako," anatero Clinton.

"Adzakambirane chiyani?"

"Usadzipusitse, Delia. Amayi avomera kale."

"Ndiye ukwatire amayiwo."

Nkhope ya Clinton inasintha. "Kodi ukuona chiyani mwa mnyamata ameneyu? Banja lake lapundula atate ako, iye n'kubwera ndi galasi lotola kudzala ndi timatemba togula pamsika. Wataya chiyani? Ine tsiku lija ndinatsitsa alendo panjira, ntchito inatsala pang'ono kundithera, chifukwa cha atate ako."

"Tinathokoza, ndipo timathokozabe."

"Sindikufuna zikomo. Ndikufunsa kuti iye wachitapo chiyani chooneka? Kutsuka makala? Anthu obwerawa amadziwa kugula mitima motchipa. Mawa akadzatopa adzakwera phiri kukatenga mkazi wakwawo, iwe n'kutsala ndi ndowa ya mchenga."

Delia anaponya chigubu pansi.

"Sanagule pamsika! Anawoloka Luangwa wapansi, ng'ona zili momwemo, kukagwira nsomba zimene atate amakonda. Iwe ungathe? Iwe m'paki umalowa uli pamwamba pa galimoto!"

Mawu atatuluka, anazindikira chimene waulula.

Clinton analeka kuzunguza makiyi. "Anawoloka?"

"Ndikunena kumtunda uko, kumene si paki."

"Oho." Anayang'ana thanki kudzera pazenera, kenako anamwetulira. "Tsala bwino, Delia. Uwapatse moni amayi."

Galimoto itapita, Delia anatenga foni. Analemba: "Ruben, ndalakwitsa chinthu." Anafufuta. Analembanso: "Clinton akudziwa." Anafufutanso. Anadziuza kuti Clinton si munthu woipa chotero, kuti mawu chabe si umboni, kuti nkhani yotere ndi yofotokoza pamaso osati pa foni. Chenicheni chinali chakuti ankaopa yankho la Ruben. Kutacha anangotumiza "Seveni."

*

Lachiwiri cha m'ma naini pabwalo panaima galimoto ina, ya masikauti a m'paki. Anatsika awiri, ndipo wamkulu anavula chipewa polonjera.

"Muli bwanji, amayi? Pepani kukusokonezani. Tamva kuti muno muli nsomba zochokera m'paki. Kaneti tapeza kwawo kwa mnyamatayu, ndipo pali mboni imene ikuti inamuona akuwoloka. Nsombazo ndi umboni, tiyenera kuzitenga."

Kumbuyo kwa galimoto kunali Ruben, manja ali m'maunyolo.

A Anastasia anangopatuka pakhomo. Masikautiwo anavuula nsomba imodzi imodzi n'kuika m'chidebe, ndipo zobisala anachita kuchotsa phale kuti azigwire. A Josiah ankamenya mpando ndi dzanja lamanzere.

"Ayi! Ayi! Ayi!"

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Wamkulu uja anawapepesa kawiri, koma chidebe anatuluka nacho.

Delia anathamangira kugalimoto n'kugwira chitsulo cha m'mbali. "Ruben."

Ruben sanakweze mawu. "Tsiku lija palibe anandiona. Ndikudziwa bwinobwino. Ndinauza munthu mmodzi yekha."

"Sindinafune. Anandiputa, ankakunyoza, ine ndimangofuna adziwe kuti iwe..."

"Clinton?"

Delia anagwedeza mutu movomera.

"Liti?"

"Loweruka."

"Loweruka," anabwereza Ruben pang'onopang'ono. "Lamulungu unandilembera seveni. Dzulo seveni. Lero m'mawa seveni. Ukanangondiuza, Delia. Mwina sindikanathawa n'komwe, koma ndikanamva kwa iwe."

"Ndinkaopa."

"Unkaopa ine?"

Anatembenuzira nkhope kwina. Galimoto inanyamuka, ndipo Delia anatsala m'fumbi mpaka phokoso lake linazimirira kumsewu wa ku Mfuwe.

Polowa m'nyumba anapeza atate ake atatembenukira kukhoma. Anawaitana, sanayankhe, ngakhale "ayi". Amayi ake anali ataima pakati pa nyumba, foni ili m'manja.

"Ndi Clinton," anatero a Anastasia. "Akuti mboni ndi iyeyo. Akuti tsiku limenelo kunali fumbi, mwina sanaone bwino nkhope. Akhoza kukanena choncho, mlandu n'kupepuka."

"Sanaone kanthu n'komwe! Akanene!"

"Akuti sangadzichititse manyazi pamaso pa boma chifukwa cha munthu wobwera. Koma chifukwa cha iwe, utakhala mkazi wake, angathe." A Anastasia anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Amalume ake akufuna kubwera Loweruka, teni awazi. Ine sindikukakamiza, mwana wanga. Mnyamata uja ndimadana naye, koma Mulungu akudziwa, sindinafune kuti amangidwe. Nena wekha."

Anamutambasulira foni. Inali isanadulidwe.